Kasatifiketi ka Bambo a Nayra

Ntchito za Zulema zinkadziwika tsiku lisanayambe. Kudzuka kusanayere, kuyatsa gasi, kutereka mphika waukulu wa api n'kumavundula mpaka dzanja kuchita dzanzi, chifukwa phala la chimanga chofiiralo ukangolitembenukira msana lapserera. Kukanda ufa wa mapasitelo okazinga odyera phalalo, kudula tchizi woikamo, kusefa mafuta adzulo. Kudzutsa Nayra, kumupukuta kumaso uku akulira, kumuveka majuzi awiri ndi chipewa, kumuponya kumsana. Kukankha ngolo mpaka pa siteji ya maminibasi, kugulitsa kwa anthu othamangira kuntchito, kutsuka matambula m'madzi oluma zala a mu El Alto, tauni yozizira ya pamwamba pa mapiri. Pobwerako kuchapa, kuyanika, kuanula mvula ya Januwale ikayamba, kuyanikanso ikakata. Ndiye panali ntchito ina yomwe inkamutopetsa kuposa zonsezi, yokankha mwamuna wake Limbert kuti amalize yunivesite.

Ngolo inali yopepukako.

Pangano lawo linali losavuta kumva. Zulema anasiya sukulu atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sekondale, mimba ya Nayra itayamba kuonekera mu yunifomu. Anagwirizana kuti Limbert apitirize, iye azigulitsa api, ndipo Limbert akangomaliza, Zulema naye abwerere m'kalasi. Sukulu ya akuluakulu ya m'dera lawo inkalemba mayina kumayambiriro kwa Febuluwale. Febuluwale anali atamupitirira kawiri. Wachitatuyu, Zulema analumbira kuti samuphonya.

M'chaka chomaliza Limbert anali ndi maphunziro atatu. La makompyuta a m'makampani analikhoza mochita kunyadira. Anafika popangira mkazi wake pulogalamu yowerengera matambula a api, yomwe inkafuna kuti munthu apukute kaye m'manja n'kudina pafoni kasitomala aliyense akamwa. Zulema anaiyesa m'mawa umodzi, foni inagwera m'beseni la shuga, zinathera pomwepo. La malamulo a zamalonda analikhoza mokwawa. Koma akaunti, yomwe inali mutu weniweni wa digiri yakeyo, inamugwetsa kawiri. Amati mbali ziwiri za tsamba zimayenera kufanana pansi. Za Limbert sizinkafanana ngakhale azigwadire. Tsopano ankaibwereza m'kalasi ya patchuthi, ya olephera okhaokha, ndipo mayeso ake anali kumapeto kwa Januwale.

Mavuto anafika Lamlungu masana, atavala magalasi atsopano.

Mayi Eulogia, amayi ake a Limbert, anali atagula magalasiwo pamsika m'mawa womwewo, ndiye ankafuna kuona chilichonse. Anaona fumbi pawindo. Anaona kuti Nayra wawonda. Kenako anaima pashelefu pomwe pankakhala Ekeko, kachidole ka ndevu kaja, ka ndudu pakamwa, kamene timakasenzetsa tinthu tating'onoting'ono ta zomwe tikufuna kuti chaka chitipatse. Pakhosi pake pankalendewera kasatifiketi kokula ngati chikhatho cha mwana, komwe Zulema anagulira mwamuna wake chaka chatha pa Alasita, chikondwerero cha pachaka chomwe timagula tinthuti n'kukatidalitsitsa.

"Make Nayra, tabwera kuno."

"Ndikukazinga, amayi."

"Zimitsa. Limbert, apapa alemba kuti chiyani? Kapena magalasiwa andinamiza?"

Limbert anadzuka pa mabuku ake mwachangu, ngati munthu amene wakhala akudikira chifukwa chodzukira. Anakayandikitsa kumaso n'kuwerenga mokweza: "Limbert Tarqui Yujra. Katswiri wa makompyuta."

"Wa makompyuta!" anatero mayi Eulogia atagwira pamtima. "Mwana wanga akuphunzira akaunti, iwe n'kukamupemphera makompyuta? N'kukafukiza, n'kukawaza mowa, n'kukapachika apa chaka chathunthu?"

"Ta akaunti tinali titatha," anayankha Zulema, supuni ili m'manja. "Nthawi yofukiza inali itakwana, Nayra akulira kumsana, anthu akundiponda. Wogulitsayo anati yunivesite ndi yunivesite."

"Wogulitsa! Ukapita kogula nsapato za mwanayu n'kupeza zatha, umabwerako ndi chipewa?"

"Amayi, ndi kapepala."

"Kapepala? Nyumba ndikukhalamo ija inayamba ngati chiyani? Sinali kanyumba kadothi koyika m'thumba?"

Zulema ankadziwa kuti nyumba ija inayamba ndi zaka zambirimbiri zogulitsa mbatata pamphepo.

Limbert anali akuyang'anabe kasatifiketiko, nkhope yake ikuwala pang'onopang'ono. "Zikumveka tsopano," anatero. "Makompyuta, malikisi pamwamba. Akaunti, pansi. Ine ndimadziona ngati mbuli, kani vuto si ine."

"Ndi inu, bambo a Nayra. Musakayike."

"Mayi a Nayra, tamverani kaye. Mwina ndikulimbana ndi zomwe zinapemphedwa kale. Bwanji ndingosintha, ndipite ku makompyuta? Maphunziro ena akandiwerengera. Zaka ziwiri zokha, mwina zitatu."

Zulema anayika supuni pansi. "Nanga Febuluwale wanga?"

"Pa malamulo a zamalonda tinaphunzira kuti pangano limatha kuimitsidwa pakagwa zinthu zoposa mphamvu ya munthu. Monga chigumula, chivomezi..."

"Chidole chosuta fodya chili m'gulu limenelo?"

"Usatero pamaso pake!" anakuwa mayi Eulogia, n'kutembenuza Ekeko kuti ayang'ane kukhoma.

Mapasitelo anapserera. Anadya choncho, ndipo pakudya pomwepo mayi Eulogia anagamula mlandu. Alasita inali pafupi. Pa 24 Januwale, dzuwa lili paliwombo, akagula kasatifiketi koyenera, ka akaunti, ndipo mwini wakeyo akakhale pomwepo, akagwire ndi manja ake pofukiza, kuti pasakhalenso za wogulitsa anati. Kakaleko kachoke pakhosi pa Ekeko. Akaunti ikakanabe pambuyo pa zimenezo, ndiye kuti n'zoona, mwanayu ndi wa makompyuta.

"Gulani ngakhale tiwiri," anatero Zulema. "Bola mayeso alembe."

Tsiku la Alasita litafika, Limbert analawirira atavala jekete la ukwati. Anati amayi akufuna akapeze malo abwino pabwalo la tchalitchi kumusi, mumzinda wa La Paz.

"Nanga kalasi?"

"Lero n'zobwereza chabe," anayankha akumanga zingwe za nsapato, osadzutsa mutu.

Makasitomala am'mawa atachepa, pangolo panafika Grover, mnzake wa Limbert wa m'kalasi ya olephera ija. Anali ndi buku lotsegula m'dzanja limodzi, milomo ikungoyenda yokha.

"Alamu, ndithirireni yotentha kwambiri, mwina ubongo usungunuka."

"Mukuwerengera mumsewu, a Grover? Minibasi ikugundani."

"Bola igunde, ndikhala ndi chowiringula. Mnzanga uja wakonzeka? Masana ano tifa tonse."

"Masana ano kuli chiyani?"

Grover anasiya kumwa. "Mayeso aja. Aphunzitsi ali ndi ulendo sabata yamawa, ndiye anati tilemberetu lero, dzuwa likangopendeka. Sanakuuzeni?"

Zulema anavula epuloni. Anaimbira Limbert foni, inangoitana. Anaimbanso, anaizimitsa kumeneko.

"Alamu, ine sindinanene kanthu," anatero Grover akubwerera chafutambuyo, tambula ili m'manja.

"Tambulayo isiyeni."

Pafupi ndi ngolo yake pankakhala mayi Basilia ogulitsa masokosi. Zulema anawapempha kuti ayang'anire mphika. "Moto ndachepetsa. Muzingovundula, wofuna mumuthirire."

"Pita, mwanawe, usade nkhawa. Ine ndili pompano."

Mu teleferiko, kachipinda koyenda pachingwe kotsikira ku La Paz, munali modzaza anthu onyamula timatumba, aliyense akuyang'ana wotchi. Pamene kachipindako kankatsetsereka pachingwe pamwamba pa madenga, Nayra ankawomba m'manja kuonerera agalu pansi, koma amayi ake ankangoona zaka zitatu zina za kuvundula, zaka zitatu za madzi oluma zala, iye n'kudzakhala pa desiki limodzi ndi ana oti angamutche azakhali. Mwamuna wamkulu, wandevu zake, kuthawa mayeso enieni kuti akalandire satifiketi yabodza! Akanamuuza munthu wa kwina akanati akunama. Koma m'kachipindamo akanamuyankha kuti, nanga alakwa chiyani?

Pabwalo panalibe popondera. Utsi wa lubani unali tolotolo. Anthu ankakankhana ndi timaminibasi, timasitolo, timasutikesi todzaza tindalama ta pepala. Bambo wina wa tayi anamugwira pamkono kuti amulipire ngongole yabodza ndi tindalamato monga mwa mwambo wa tsikulo, Zulema anamukutumula osamuyang'ana. Mabelu analira, mabomba a chikondwerero anaphulika, Nayra anayamba kulira. Zulema ankadziwa yatiri, sing'anga wofukiza ndi kudalitsa tinthuti, amene apongozi ake ankamukhulupirira, nkhalamba yofunda poncho yofiira yomwe inkayika mbaula yake pansi pa masitepe a tchalitchi. Mzera wopita kumeneko unali wokhotakhota ngati matumbo, ndipo chapakati pake anaona jekete la ukwati.

Limbert anali atagwira kasatifiketi katsopano ndi manja onse awiri, m'mutu muli mbwee timapepala tamitundumitundu. Atamuona mkazi wake, anayesa kubisala kumbuyo kwa amayi ake, omwe ankamufika pachifuwa.

"Zikomo kwambiri, a katswiri a akaunti," anatero Zulema. "Mwamaliza liti osatiuza?"

"Mayi a Nayra, ndikufotokozerani."

"Fotokozani tikuyenda."

"Sayenda," anatero mayi Eulogia. "Sikanafukizidwe. Waonako munthu akuchotsa mphika pamoto madzi asanawire?"

"Amayi, anzake akulowa m'mayeso."

"Ndikudziwa. Ndiye akalowe ndi kakale kaja kali pamutu pake? Akalepherenso? Mayeso amapemphedwa tsiku lina. Alasita ukaiphonya wadikira chaka."

"Ndimati ndikawachonderera aphunzitsi andilembetse ndekha," anawonjezera Limbert ndi mawu apansi. "Zulema, ine ndikangoona tsamba lija manja amanjenjemera. Kawiri konse. Ndimafuna ulendo uno ndilowe ndili ndi kenakake."

Apa Zulema anamumvera chisoni pang'ono, koma chisoni chimenecho analibe nacho nthawi. Anayang'ana mzerawo. Kutsogolo kwawo kunali mayi wina ndi tinyumba tinayi, banja lina ndi kalole, ndi mnyamata wamtali wonyamula katambala kofunira chibwenzi.

Mayi Eulogia anapisa m'chikwama. "Usakwiye, make Nayra, nawenso sindinakuiwale. Tambasula dzanja."

Anamuyika m'chikhatho kamwana ka pulasitiki, kamaliseche, kamwamuna.

"Nayra akufunika mlongo wake. Ukadalitsitse limodzi."

Zulema anakayang'ana kamwanako. Anayang'ana apongozi ake. Pa tebulo lapafupi panali mulu wa timasatifiketi ta sekondale, tambirimbiri, totchipa kuposa kachidoleko, ndipo palibe anaganiza zomugulira. Iye sankakhulupirira kwenikweni zimenezi, koma anakafumbata kamwanako mwamphamvu kuti utsi usakakhudze.

Kenako anachita zomwe amachita pa siteji minibasi ikafuna kumuthira matope. Anakweza mawu.

"Pepani, anthu a Mulungu! Bambo awa ali ndi mayeso enieni pompano! Enieni, a cholembera! Akalephera ndikubweretserani kwanu muziwadyetsa!"

Anthu anaseka. Mayi wa tinyumba tinayi uja anati, "Adutse, adutse, ine ndikudyetsa kale mmodzi kwathu." Mnyamata wa katambala anapatuka yekha. Zulema anamukoka Limbert pa jekete mpaka pambaula.

"Agogo, mwachangu. Fupikitsani."

Yatiri anamuyang'ana modekha. "Mayi, mapemphero sathamangitsidwa."

"Yambani ndi a akaunti, enawo adzabwera mawa."

Nkhalambayo inazunguliza kasatifiketi pa utsi, ikung'ung'udza, n'kuwaza mowa pa pepala, pa manja, pa jekete la ukwati. Isanamalize kuwaza maluwa, Zulema anali atamugwira kale mwamuna wake padzanja. Mayi Eulogia anatsala akulipira, akukuwa kuti madzi odalitsa a kwa ansembe sanawaze.

Anapeza takisi kuseri kwa bwalo. Inayenda mpaka pa ngodya n'kuima, chifukwa msewu wonse unali anthu okhaokha. Dalaivala anazimitsa injini n'kutulutsa kagalimoto kake kakang'ono, n'kumakapukuta ndi mpango.

"Lero ndi lero, mayi. Palibe akuyenda."

Zulema analipira, anatsika. Yunivesite inali pamwamba pa chitunda, ndipo matalala anayamba kugwa. Iye anali patsogolo, mwana kumsana, Limbert pambuyo akupuma ngati galu, kasatifiketi atakabisa m'malaya kuti kasanyowe.

"Mayi a Nayra, ndikununkha mowa. Andithamangitsa."

"Mukawauze kuti ndi wodalitsa."

"Ndilibe cholembera."

"Ndili nacho."

"Makina owerengera..."

"A Grover akubwerekani. Yendani, bambo inu! Ine ndabereka mwana, inu mwabereka chiyani?"

Nsapato yakumanzere ya Zulema inang'ambika pansi pa masitepe a geti. Anakwera choncho, phazi likuponda madzi. Pofika pakhonde la chipinda cha mayeso, anali atakonza kale mawu ogwadira nawo aphunzitsi.

Chitseko chinali chokhoma. Ophunzira onse anali panja, ena atakhala pansi, mabuku pamaondo. Grover anadzutsa dzanja mwamanyazi.

"Sanafike, alamu."

"Ndani?"

"Aphunzitsi."

Zulema anatsamira khoma. Madzi ankatsika m'tsitsi kulowa m'khosi. Anadikira nthawi yokwanira kuti Nayra agone n'kudzukanso. Kenako kumapeto kwa khonde kunatulukira bambo wachikulire wa suti yotuwa, akuyenda mosafulumira, makiyi ali m'manja. Paphewa pake panali timapepala tamitundumitundu. M'chikwama chake munkasuzumira denga la kanyumba ka nsanjika zitatu. Atadutsa pafupi, fungo la mowa wodalitsa linamveka kuposa la Limbert.

"Pepani, pepani," anatero aphunzitsiwo akutsegula. "Mzera wa kwa ansembe unali wautali. Lowani."

Limbert anatembenukira mkazi wake, maso ali gwa. "Mwaona? Kayamba kale kugwira ntchito."

Zulema anatseka maso. Akanakhala ndi supuni ya api pafupi, bwenzi nkhani ino ili ina. Anamupatsa cholembera.

"Lowani. Mbali ziwiri zija zikapanda kufanana, musatuluke. Ine ndili pakhomo pano."

Anakhaladi pakhomopo, pansi, nsapato yong'ambika ili pambali, akuyamwitsa mwana yemwe anali atasiya kale kuyamwa, pofuna kuti akhale chete. Wophunzira aliyense wotuluka ankamulambalala ngati mlonda. Limbert anatuluka womaliza, jekete lili m'manja, malaya atanyowa thukuta m'kuzizira konseko.

"Zafanana?"

"Zatsala pang'ono kufanana."

Zotsatira zinatuluka sabata yotsatira. Limbert anapeza 51, malikisi okhozera enieniwo, osaposa ngakhale ndi imodzi. Mayi Eulogia anabwera ndi ndudu yatsopano ya Ekeko ndi botolo la mowa, n'kuuza mzere wonse wa nyumba kuti akanapanda magalasi awo mwana wawo akanathera ku makompyuta. Anatinso akanawaza madzi a kwa ansembe aja, bwenzi atapeza 70. Za miyendo ya Zulema palibe anatchula. Limbert sanayambenso nkhani yosintha maphunziro, ndipo Zulema sanafunse ngati chinamutsekera pakamwa ndi 51 kapena kapepala. Lolemba loyamba la Febuluwale Zulema anasiyira mwamuna wake Nayra ndi mbale zosatsuka, n'kupita kukalembetsa dzina. Mlembi wa kusukuluko atamufunsa ngati anagula kasatifiketi pa Alasita, anayankha kuti akufuna yaikulu.

Zomwe tsiku lija linadya ndi izi. Mphika waukulu wa api unapserera mpaka kubooka, chifukwa mayi Basilia nawo anathamangira kukadalitsitsa kasitolo kawo dzuwa lili paliwombo, moto uli chiyakire, ndipo watsopano anagula pa mtengo wa maboliviano 180. Malonda a tsikulo anapita onse, gasi anatha theka, matambula anayi sanaonekenso. Takisi analipira yathunthu pa ulendo wofika pa ngodya. Nsapato imodzi, chipewa cha Nayra chomwe chinatsala pabwalo, mankhwala a chifuwa a anthu awiri, ndi kuchapitsa jekete la ukwati, lomwe mpaka lero likanyowa limanunkha. Kasatifiketi ka makompyuta kaja sikanatayike. Zulema anakapinda kanayi n'kukatsamiritsa mwendo wa tebulo lomwe amalemberapo homuweki. Kamwana ka pulasitiki anakabweza mwakachetechete m'chikwama cha apongozi ake, pansi pa magalasi, ndipo kali momwemo.